Amene Amapalasa Kumbuyo

Loweruka lililonse, dzuwa lisanayambe kuwawa, anthu a kalabu ya njinga ya Mpasa ankakumana pansi pa mitengo ya mango pa boma la Nkhotakota. Ankapopa matayala, kudontheza oyilo m'matcheni, ndipo a Maganizo, wapampando wawo, akangoliza wenzulo, mzere wa malaya achikasu unkalowa mumsewu waukulu kulunjika ku Bua.

Rahma ankakhala womaliza nthawi zonse. Njinga yake inali yaitali kuposa msinkhu wake, chifukwa sinali yake. Inali ya mchimwene wake Salimu, amene anagundidwa ndi lole pamsewu womwewo chaka chathachi, ali paulendo wa kalabu yomweyo. Patapita miyezi maliro atatha, Rahma anaitulutsa m'chipinda, natsitsa chishalo, navala helemeti pamwamba pa mpango wake. Anthu anamunena mpaka kutopa. Iye ankangoti tsiku lomwe wapalasa njingayo ndi lokhalo lomwe amapeza tulo.

Kumbuyo kwa womaliza kunkakhala munthu mmodzi, Walusungu. Ntchito yake m'kalabumo inali yoonetsetsa kuti pasapezeke wotsala yekha pamsewu. Anali mnyamata wamtali, wa mawu ochepa, wa ku Dwangwa, komwe makolo ake anakhazikika atachoka ku Nkhata Bay kudzawedza.

"Musandidikire, pitani," ankatero Rahma masiku oyambawo, ali wefuwefu pachitunda.

"Ine ndilibe kothamangira. Tsitsani giya, musalimbane nacho chitundachi."

Palibe mwa awiriwa anadziwa tsiku lomwe "inu" anasanduka "iwe". Anangozindikira kuti sabata yayamba kutalika, ndipo Loweruka likumafupika.

Loweruka lina gulu linapuma pafupi ndi mlatho wa Bua monga mwa nthawi zonse. Ena ankadya nthochi, ena ankaseka amene anatsala pang'ono kugwera m'ngalande. Awiriwa anaima chapatali, akuyang'ana madzi ofiira a mtsinjewo.

"Rahma, ndatopa kukuona Loweruka lokha," anatero Walusungu. "Ndikufuna nditumize amalume kwanu."

Rahma anakanda utoto wa pa njinga ndi chikhadabo.

"Walu, kwathu ndi Asilamu, iwe ndiwe wa kutchalitchi. Kuwonjezera apo amayi akangomva dzina la kalabu ino amasiya kudya."

"Ndikudziwa."

"Ndiye dikira. Loweruka likubwerali ndi ulendo wokumbukira achimwene. Zimenezo zidutse kaye."

Walusungu anamugwira dzanja, kanthawi kochepa chabe, n'kulisiya. Koma kanthawi kameneko kanakwanira. Lyness, mlembi wa kalabu, amene ankajambula zithunzi za gulu, anali atatukula foni yake. Mtsikanayu anakhala akumusungira Walusungu madzi ozizira ndi mandasi kuyambira kalekale, mnyamatayo n'kumangothokoza, osaona kanthu. Lyness anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anaika foni m'thumba.

* * *

Lachitatu masana Rahma anapeza amayi ake atakhala pakhonde, lichero la mpunga lili pamiyendo koma osapeta. Ku Malenga Chanzi konse ankawatchulabe kuti amake Salimu, ndipo dzinalo linkawabaya tsiku ndi tsiku.

"Kunabwera mnzako," anatero osamuyang'ana. "Lyness. Mwana waulemu, anagwada mpaka pansi. Wandionetsa chithunzi."



"Amayi, ndimati ndikuuzeni..."

"Undiuze chiyani? Kuti wapeza mwamuna? Za chipembedzo sindikuzikhudza n'komwe, zimenezo ndi za abambo ako. Ine ndikukufunsa, ukumudziwa munthu ameneyu? Ukudziwa kuti tsiku lija ndi iyeyo amene ankatsogolera? Kuti ankathamangitsa anzake ngati akuthawa moto, mwana wanga n'kumavutika kuti amupeze?"

Walusungu anali asanamuuzepo Rahma chilichonse cha tsikulo. Nkhaniyo ikayandikira, ankawerama n'kuyamba kukonza tcheni chomwe sichinawonongeke.

Amake Salimu anaika lichero pansi. Mawu awo anatsika, ndipo kutsikako kunali kowawa kuposa kukalipa.

"Mwana wanga anafera pa phula ngati nkhuku. Popanda womunong'oneza Shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro chathu. Msilamu wobadwa, woswali kuyambira ali mwana, anachoka wopanda mawu otsiriza pakamwa, atazunguliridwa ndi anthu a makabudula othina. Ndikagona ndimamumva akufunafuna mawu aja, osawapeza. Ndiye iwe undibweretsere amene anamutsogolera ku imfa, ine ndizimuthirira madzi osamba m'manja?"

Anadzuka, nalowetsa njinga ija m'chipinda chosungiramo mpunga, natseka ndi loko.

* * *

Madzulo atatha kuswali, Rahma anakhala pakama n'kulemba uthenga.

"Tsiku lomwe anamwalira achimwene unali kutsogolo?"

Foni inaonetsa kuti uthengawo wawerengedwa. Yankho linachedwa.

"Eya."

"Miyezi yonseyi osandiuza?"

"Ndimalephera kuiyamba nkhani imeneyo, Rahma. Ikafika pakhosi imakanirira."

"Koma kundigwira dzanja sunalephere."

Walusungu anaimba. Rahma anadula. Anaimbanso, iye anadulanso, nalemba misozi ikudonthera pagalasi la foni.

"Ndinkadabwa kuti munthu wamphamvu ngati iwe umatsaliranji kumbuyo ndi ine. Ndimayesa chikondi. Kani umangondimvera chisoni?"

"Poyamba ndinkatsala chifukwa cha mantha, kuti wina angagwenso ine ndisakuona. Kenako ndinkatsala chifukwa cha iwe. Zonse ziwiri ndi zoona."

Rahma anawerenga mawuwo kawirikawiri, akufunafuna bodza kuti akwiye bwinobwino. Sanalipeze, ndipo zimenezo zinamupweteka kwambiri. Anazimitsa foni, naibisa pansi pa pilo. Masiku otsatirawo sanaiyatse.

* * *

Loweruka m'mamawa bambo Useni, abambo ake a Rahma, pochokera kumzikiti, anapeza mwana wawo atakhala pakhomo la chipinda cha mpunga, atavala malaya achikasu pamwamba pa diresi lake lalitali. Anali munthu amene chimwalirire mwana wawo wamwamuna ankalankhula ngati mawu amawagula. Anamuyang'ana, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kiyi.

"Pita ukamukumbukire m'bale wako," anatero akutsegula loko. "Za amayi ako ndiona ndine. Koma za mnyamata uja sitinakambe, wamva?"

"Ndamva, ababa."

Pansi pa mitengo ya mango panalibe phwete tsiku limenelo. Aliyense anamanga kansalu kakuda pa njinga yake. Lyness ndiye ankagawa tinsaluto, ndipo ataona Rahma nkhope yake inasintha.

"Asisi, mwabwera? Ndimayesa simubwera."

"Chithunzi chija unajambula bwino, Lyness."

Lyness anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Ine ndinangowauza zoona. Ndipo ndikuuze, Walu ndinayamba kumudziwa ndine, iwe usanadziwe ndi kukwera njinga komwe. Wangobwera ndi misozi yako, basi munthu wasokonezeka mutu."

"Ndiye mutenge," anatero Rahma. "Ine sindikumufuna."

Ananena mokweza dala. Walusungu anali chapafupi, akupopa tayala la munthu wina. Dzanja lake linaima pa pampu, kenako linapitiriza.

Wenzulo analira. Gulu linayenda pang'onopang'ono, awiriawiri, popanda woimba kapena woseka. Anadutsa minda ya mpunga, amayi oyanika chinangwa, akabaza amene ankaima n'kuvula zipewa poona tinsalu takuda. Pachitunda chija Rahma anatsalira monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwake ankamva matayala akulira pa phula, osayandikira, osatalikira. Sanacheuke.

* * *

Malowo anali pakona pena usanafike ku Bua, pomwe pali mkuyu waukulu ndipo amayi amagulitsa mpunga ndi matimati. Anthu anagoneka njinga zawo m'mbali mwa msewu n'kuima mozungulira. A Maganizo anali atangoyamba kulankhula pamene minibasi inaima mwadzidzidzi tsidya lina.

Anatsika amake Salimu, mpango utapendekeka, kumapazi atavala masilipasi osiyana. Aka kanali koyamba kuponda pamalopo. Anawoloka msewu osayang'ana mbali iliyonse, nagwira Rahma pamkono.

"Tiye kunyumba. Mmodzi anakwana."

Kenako anatembenukira gulu lija.

"Walusungu ndi uti?"

Walusungu anatuluka pakati pa anzake, navula helemeti, nagwada pamiyala ya m'mphepete mwa phula.

"Ndine, amayi."

"Ndiwe unandiphera mwana?"

"Ndinali kutsogolo, amayi. Nditamva phokoso ndinabwerera. Ndinachedwa."

"Panalibe wothamanga tsiku limenelo, mayi," anatero a Maganizo. "Lole inachokera kumbuyo, ikupitirira galimoto ina..."

"Inu khalani chete! Munali kuti pamene mwana wanga ankafa ngati wopanda chipembedzo?"

Apo ndi pamene mayi wina wogulitsa mpunga anadzuka pansi pa mkuyu, akupukuta manja pachitenje. Anali wachikulire, wovala mpango wobiriwira.

"Salamu alaikumu, mayi. Pepani kulowerera. Ine ndine Sharifa, ndimagulitsa pano. Kodi ndinu amake a malemu uja?"

Amake Salimu anangogwedeza mutu.

"Tsiku limenelo ndinali pomwe pano. Tonse tinaima patali, mantha. Mnyamata uyu yekha ndiye anakhala pansi pa phula n'kuika mutu wa mwana wanu pamiyendo pake. Mwana wanu ankagwedeza milomo, chala chimodzi chili m'mwamba. Ndiye uyu anayamba kukuwa ngati wapenga. Amvekere, 'Pali Msilamu pano? Chonde, pali Msilamu? Mnzanga akufuna kupemphera, ine mawu ake sindiwadziwa!' Ndinataya mbale ya mpunga n'kuthamanga. Ndinamunong'oneza Shahada kukhutu, iye n'kumabwereza. Yonse, mayi. Sanasiyeko ndi liwu limodzi lomwe. Atamaliza m'pamene anatsitsa chala chija."

Dzanja la amake Salimu linamasuka pamkono wa Rahma.

"Ananena?"

"Ananena."

"Wallahi?"

"Wallahi. Mulungu akundimva."

Amake Salimu anakhala pansi m'fumbi momwemo, mayi Sharifa atawagwira mapewa.

"Nanga bwanji osandiuza? Chaka chonse, bwanji osandiuza?"

"Tinabwera kusiwa, mayi," anatero a Maganizo mofatsa. "Munati aliyense wa njinga asaponde pabwalo. Tinabwerera."

Amake Salimu analira. Rahma anali atawamva akulira kambirimbiri, koma kulira kwa tsiku limeneli kunali kwina, kochokera pansi penipeni, kosakanikirana ndi "Alhamdulillah, Alhamdulillah" wosatha. Amuna akuluakulu a m'kalabumo anatembenukira kuthengo, akupukuta m'maso ndi malaya achikasu. Lyness anadzutsa njinga yake mwakachetechete, nabwerera yekha cha ku boma.

Walusungu anali chigwadire. Patapita nthawi amake Salimu anamukodola.

"Sendera kuno. Ndione manja ako."

Anawatambasula. Mayiwo anawagwira, nawayang'ana kunsi ndi kumwamba ngati akufuna kupezamo kanthu kotsala.

"Anamva kuwawa kwambiri?"

"Sizinatenge nthawi, amayi. Ndinkamuuza kuti ndili pompo."

"Dzuka, mwana wanga, miyala ikukubaya." Anapuma mozama. "Za ukwati sindingakulonjeze. Pali abambo ake, pali ashehe, ine ndekha sindingathe. Koma pakhomo panga ubwere, udzamwe tiyi. Udzandiuze zonse, pang'onopang'ono."

Pobwerera, mayiwo atakwezedwa minibasi, Rahma anachepetsa liwiro mpaka njinga ziwirizo zinafanana.

"Walu, pepa. Zija ndinanena m'mawa..."

"Unali ndi chifukwa."

"Ndinalibe. Bwanji sunandiuze ngakhale zokhazi?"

"Ndikatseka maso ndimaona nkhope yake, Rahma. Ndipo iwe umafanana naye. Ndikanayamba bwanji?"

Anapalasa limodzi mpaka ku boma, mawondo awo akukwera ndi kutsika nthawi imodzi.

* * *

Masiku otsatirawo m'nyumba mwa bambo Useni munalowa kamphepo. Amake Salimu anayamba kudya. Tsiku lina Rahma anawapeza akupukuta fumbi pa njinga ija ndi nsonga ya chitenje chawo. Mauthenga a Walusungu ankabwera m'mawa ndi madzulo, ndipo Lachitatu analemba kuti, "Pali chinthu ndikukonza. Ndikuuza chikatheka." Rahma anamukakamiza kuti aulule, iye anangotumiza nkhope yoseka.

Lachinayi chakumasana makolo ake ali kumunda, Rahma ankayanika mpunga pamkeka pamene anamva odi wachilendo. Pabwalo panaima mayi wochepa thupi, wa imvi zotulukira pansi pa duku, atanyamula kachikwama kakuda. Mapazi ake anali mbuu ndi fumbi la kuchokera kumsewu.

"Ndiwe Rahma?" Chichewa chawo chinali ndi kamvekedwe ka kumpoto. "Ine ndine NyaChirwa, mama wake wa Walusungu."

Rahma anathamanga kukatenga mkeka woyera, nawuyala pamthunzi, nagwada kuti awapatse moni. Koma mayiwo sanakhale pamkekapo. Anaika kachikwama pansi, nagwada padothi, maso ndi maso ndi iye.

"Mama, chonde dzukani! Anthu akaona ati chiyani?"

"Aone. Sindinabwere kudzakangana, mwana wane. Ndamva kuti ndiwe mwana wabwino, ndipo ndakuona, ndi zoona. Anyamata anga ena onse ali kumanda. Wina inatenga nyanja, wina malungo. Wanditsalira yekhayu."

"Walusungu ali bwino? Chachitika n'chiyani?"

"Dzulo watiuza kuti mawa, Lachisanu, akupita kumzikiti kukaonana ndi ashehe. Akuti akalowe Chisilamu kuti akukwatire. Adada ake ndi mkulu wa mpingo. Atulutsa kale katundu wake panja. Anena kuti akangoponda kumeneko, iwo aitana abale adzakhale maliro, ndipo dzina lake lisadzatchulidwenso pakhomo pathu. Ndimawadziwa amuna anga. Sabweza mawu."



"Mama, ine sindinamuuze kuti atero. Sindimadziwa n'komwe."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera kwa iwe. Ine ndalira usiku wonse, sakundimvera. Abusa alankhula naye, sakuwamvera. Watsala iwe. Ukamukana iwe, abwerera kunyumba." Anagwira manja a Rahma n'kuwafinya. "Iwe ukudziwa mmene nyumba imakhalira mwana wamwamuna akachoka. Chonde, usandikhalitse maliro a munthu wamoyo."

Pawindo, pomwe Rahma anaisiya, foni inayamba kulira. Onse awiri anatembenuka. Rahma anadzuka ngati wodwala, naitenga. Dzina linali pagalasi, ndipo mayiwo analiwerenga pankhope pake.

"Ndi iyeyo? Yankha. Umuuze ine ndikumva."

Rahma anadina, naika foni kukhutu.

"Rahma!" Mawu a Walusungu anali owala, a munthu amene watula katundu wolemera. Anali asanamumvepo akusangalala chotero. "Uli wekha? Khala pansi, ndili ndi nkhani yabwino."

Rahma anayang'ana pansi. NyaChirwa anali chigwadire padothi, manja atawatambasulira kwa iye, misozi ikutsika m'makwinya a masaya awo.

"Rahma? Ukundimva?"

"Ndikukumva, Walu," anatero, mawu akuthothoka. "Nanenso ndili ndi nkhani."